Mapazi Makumi Atatu Kukafika pa Bwemba

Zaka zinayi zinali zitatha chisamutsireni mudzi wa kwawo kwa Budhram Markam m'nkhalango muja, ati kuti akambuku akhale pamtendere. Mtendere wake ndi uwu: magalimoto opanda denga kulowa m'mawa, kulowanso masana, odzaza alendo a makamera. Oletsedwa anali eni nthaka okha.

Zimenezo Budhram akanapirira. Chomwe chinkamudya mtima ndi mkazi wake Samli, yemwe anamwalira kutatsala mwezi umodzi kuti asamuke, n'kuikidwa patsinde pa bwemba kuseri kwa nyumba. Kwawoko womwalira amamuthirira kachasu wa maluwa a mtengo wa mahuwa pamanda pake penipeni, kuti makolo amulandire. Samli anali asanathiridwe ngakhale dontho.

Mwana wake Chaitram, yemwe ankayendetsa imodzi mwa magalimoto aja, anakana kumutengera kumandako mpaka kutopa. Tsiku lina mpando utatsala, anagonja.

"Koma Baba, phazi lisaponde pansi wolondolera alendo akuona. Mukatsika, ntchito yanga yathera pomwepo."

"Ndamva. Kodi ndine mwana?"

"Ndiye valani chipewachi. Muzioneka ngati munthu woti sanaonepo mtengo."

Budhram anakhala kumbuyo, botolo la kachasu lili m'jekete yobwereka, pambali pa banja lina lochokera mumzinda wa Nagpur. M'mawa wonse kambuku sanaoneke, ndipo bambo wa banjalo anayamba kunyinyirika ngati walandidwa chakudya pakamwa. Kenaka anatulukira padambo lalikulu. Wolondolera alendo uja, mnyamata wa kutauni, anatambasula dzanja.

"Taonani kukongola! Malo awa munthu sanawakhudzepo chilengedwere."

Budhram anaona pamene panali chitsime, pamene panali khola la njati zake zoweta, ndi bwemba uja ataima yekha. Misozi inalengeza, ndipo anatsitsa chipewa.

Chaitram anazimitsa injini. "Ndamva ngati agwape akulira cha uko," ananama, osacheuka. "Tadikirani, mwina kambuku ali pafupi."

Onse analoza makamera kutsogolo. Budhram anayeza ndi maso: mapazi makumi atatu basi. Anatulutsa mwendo umodzi, chala n'kukhudza chitsulo chopondera. Pomwepo dalaivala wina anadutsa liwiro akukuwa kuti kambuku wamkazi ali kumtsinje ndi ana awiri.

"Tiyeni! Mukudikiranso chiyani, achimwene?" anakalipa bambo wa ku Nagpur, akumenya mpando. Wolondolera alendo anacheuka, maso ake n'kugwera pa mwendo uja.

"Madala, bwezani mwendowo. Mukufuna mudyedwe?"

Budhram anayang'ana khosi la mwana wake, thukuta lili chuchuchu. Anakumbukira zidzukulu zitatu zodalira chiwongolero chimenecho. Anabweza mwendo.

Injini italira, anatsegula botolo n'kuthira kachasu yense mumsewu, m'mene munadutsa matayala. Fumbi linameza nthawi yomweyo.

"Amayi, agogowa akutaya madzi," anatero kamtsikana ka alendo.

"Usawayang'ane, ndi okalamba."

Kumtsinje anapeza magalimoto khumi ndi anayi atapanikizana. Kambuku anatuluka, n'kuyasamula, alendo n'kusangalala mpaka kugwirana manja. Ndipo anali wokongoladi, Budhram sakanakana. Kale ankakumana ndi akambuku pokatola nkhuni, aliyense n'kupatuka mwaulemu, popanda woombera m'manja.

Pobwerera, atatsitsa alendo pachipata, Chaitram anacheukira bambo ake, manja ali pachiwongolero.

"Mwathira pafupi ndithu, Baba. Amayi abwera kudzatenga okha. Si patali."

Budhram anapukusa mutu pang'onopang'ono, akutembenuza botolo louma m'manja.

"Iwe unali kutauni chaka chimenecho, sunaone. Amako miyendo inali itafa. Ngakhale pokakhala pakhonde ndinkachita kuwanyamula ine."