Timaphukusi Tonse Tabwerera

1.
Netiweki yavuta, amayi.
Ndi mawu a Lonjezo amenewo, mwana wanga wa ku Joni. Nkhope imauma pafoni, kukamwa kuli yasa, kenako zii.

2.
Ine ndimagulitsa nyemba ku Lunzu. Chigoba choyezera chopsontha kunsi ndimachidziwira patali. Ndiye ndinaitana Ndaziona, mtsikana wa kampani imene inatiikira intaneti pamsika. Bwera udzayeze chinthu chanuchi, mukutibera.

3.
Anabwera ndi laputopu, n'kukhala pa thumba la nyemba.
Tiyeza ziwiri, mayi: kukula kwa njira, ndi zotayika m'njiramo. Mawu a mwana wanu amayenda m'timaphukusi ting'onoting'ono. Nditumiza timaphukusi zana mpaka ku Joni, tiwerenge tobwerera.
Tumiza, ndinatero. Sukulu ukaphunzitse kwanu.

4.
Zimene zimafika kwa Lonjezo bwinobwino:
mbuzi yaswa,
mvula yachedwa,
mnzako Kondwerani wakwatira.
Chimene sichifika: chiliza cha bambo ako tikumanga mwezi wamawa, ubwera?
Netiweki yavuta, amayi.

5.
Iwe Lonjezo ndinakubereka kumsana m'msika womwewu dzuwa likuswa mtengo nyemba pamutu iwe ukundikodzera ndipo tsiku loika bambo ako unati mapepala sanatuluke ine ndinakuikira kumbuyo pamaso pa azakhali ako onse ndati musiyeni mwana akuvutika kumeneko ndipo anandiyang'ana ngati wamisala koma ndinaima nganganga

6.
Tonse zana tabwerera, mayi, anatero Ndaziona. Njira ndi yotakata, kanema angadutse osakhosomola.
Bwereza.
Anabwereza.
Zana.

7.
Taya khumi.
Sindingathe, mayi, makina ndiwo akuwerenga.
Tisanu basi.
Mayi.
Kamodzi kokha, mwana iwe. Ine wogula akadandaula ndimamuikira basela. Iwe kaphukusi kamodzi kakukanika?
Anatseka laputopu, maso pansi.
Ndinamuthira nyemba m'jumbo. Pita. Makina ako alibe mwana.

8.
Lamulungu azakhali ake a Lonjezo anafika kudzapangana za simenti ndi mowa wa pachiliza. Anakhala pamkeka, natambasula miyendo.
Nanga mlamu, mwana wathu uja wati chiyani? Abwera?
Foni inali m'chilundu changa, yodzaza moto, timizere tonse tili chilili.
Netiweki yavuta, ndinatero.