Mpanda wa ku Bafa

Loweruka lililonse, amayi a mphakati wathu ku Chilomoni timakwera ku Michiru ndi makasu kukazula lantana, chitsamba cha timaluwa tachikasu chimene chikupha mitengo ing'onoing'ono m'nkhalangomo. Ndi ntchito yongodzipereka. Ine ndimapita chifukwa ndinavomera pamaso pa anthu, basi.

A Evance, amene amatitsogolera, mawu awo ndi amodzi: "Osatchetcha, amayi, kuzula. Mukasiya muzu ndiye kuti mwangochimeta."

Tinazula miyezi itatu, mikono yonse yokalika. Koma kumunsi, mbali ya kunyumba zathu, tizitsamba tina tinkangomerabe.

"Ndi apumbwa," anatero a Evance. "Akudya zipatso zake penapake pafupi, n'kudzazinyera kuno. Alipo amene akuchiweta pakhomo."

Ndinangoyang'ana khasu langa. Bafa yanga ilibe khoma. Chimene chimabisa ana anga aakazi atatu kwa anthu odutsa mumsewu ndi mpanda wa lantana, wothithikana bwino, umene ndinabzala ndekha mwana wanga woyamba, Mirriam, ali kumsana. M'mawa uliwonse apumbwa amachita phwando m'menemo.

Potsika, amake Chiso, aneba anga, anandigunda ndi chigongono.

"Amake Mirriam, chiweto chija chadzuka bwanji?"

"Samalani zanu."

"Ine sindiulula. Koma msana wangawu ukuthyokera mbewu za ku bafa kwanu."

Ndinawauza bambo a kunyumba, a Onesimo, kuti bafa ikufunika khoma. Anati aumba njerwa mvula ikatha. Anayamba kunena zimenezo Mirriam asanayambe sukulu. Pano ali Fomu 2.

Lachisanu ndinapita ndekha kwa a Evance. "Mawa muyambire kwathu. Koma mayi aliyense abwere ndi thumba lopanda kanthu, inu mubwere ndi nsungwi. Popanda zimenezo, khasu silikhudza mpanda wanga."

Sanandifunse zambiri.

Anabwera amayi khumi ndi awiri. Ena ankazula, ena ankasoka matumba a feteleza n'kumamangirira pa nsungwi. Mizu inali yaikulu ngati chinangwa. Tinaiwotcha pomwepo. Pofika masana bafa inali itavala zoyera, zolembalemba, zina chadodolido.

Mirriam analowamo ndi ndowa, n'kutulukanso.

"Amama, pansipa pakuoneka mapazi."

"Mapazi ako aliyense amawadziwa. Kasambe, madzi akuzizira."

Apumbwa awiri anatera pa nsungwi, anayang'anayang'ana, n'kuuluka kulowera kwa amake Chiso. Ndinawatsatira ndi maso. Kuseri kwa khitchini yawo, timaluwa tachikasu.