Bulangete Losafunda

Pang Weilun sanakakamizidwe ndi munthu kulowa sukulu ya makadeti. Anachita kuilirira yekha, mpaka kunyanyala chakudya, ataona mwana wa aneba atabwera kutchuthi atavala yunifolomu yobiriwira ndi nsapato zonyezimira. Amayi ake anakana, anakananso, kenako anatopa n'kumulola. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Pofika Novembala, nyengo yozizira kumeneko, mphepo itayamba kuboola mafupa, mnyamatayo ankafuna kwawo kuposa chilichonse, koma analibe womudandaulira.

Kuthamanga ankapirira. Kukuwa kwa Sajeni Geng, woyang'anira chipinda chawo, anakuzolowera. Chomwe chinamutha mphamvu chinali bulangete. Lamulo linali loti bulangete la thonje lipindidwe mpaka likhale ndi makona ngati tofu, chakudya cha soya chodula ndi mpeni, ndipo la mmodzi likakhota, anyamata onse asanu ndi atatu ankazungulira bwalo atasenza matumba a mchenga. Tsono bulangete louma silimva. Anyamatawo ankaliwaza madzi, kulipsinja ndi mpando, kulinola m'mbali ndi kakhadi, ndipo likakhala bwino panalibe chitsiru cholifunda. Pogona ankaliika pambali mosamala ngati khanda, iwo n'kudzipinda m'majekete mano akugundana.

Mafoni analandidwa tsiku loyamba. Wotulutsa mwana pasukulupo linali kholo lokha, ndipo makolo ankaloledwa kubwera kamodzi patemu. Weilun anakonzeratu zonena: "Amayi, nditengeni." Ankaziyeserera m'chimbudzi, monong'ona.

M'mawa wa tsiku la makolo, Dahai, wogona bedi la pamwamba pake, anamusuzumira.

"Iwe Kamwanapiye, nkhope yakoyo ndi ya munthu wofuna kuthawa."

"Samala zako."

"Aaa, ine ndilibe nawe mlandu. Kungoti ukamapita undisiyire masokosi."

Amayi ake anafika ndi jiaozi zotentha, zitumbuwa za nyama m'kati, atazikulunga m'thaulo. Anamugwira masaya, anamutembenuza uku ndi uku.

"Lunlun, khosi lonseli walitenga kuti? Sakukupatsani chakudya?"

"Timadya, amayi."

Akanatha kunena pomwepo, koma m'chipindamo munali modzaza makolo a anzake, ndipo bambo wina ankajambula mabedi akuyamikira mokweza. Weilun anati adikire kaye pachepe anthu.

Amayiwo anatsamira dzanja pabulangete kuti akhale pansi. Analichotsa msanga, n'kulinunkhiza.

"Lanyowa ili! Likununkha nkhungu!"

"Amayi, musaligwire, chonde..."

Ndi mayi uti angamve zimenezo? Analikumbatira, anatuluka nalo panja, analikutumula mwamphamvu fumbi n'kuuluka, kenako analiyanika pampanda wawaya pomwe dzuwa linkawomba. Analimenya ndi chikhatho monga ankachitira kunyumba. Ntchito ya milungu yambiri inathera pomwepo. Pawindo, Dahai anagwira pamutu.

Atamaliza, amayiwo anatembenuka. Nkhope yawo inali itasintha.

"Ngati ili lili chonchi, ndiye umafunda chiyani?"

Weilun anatsegula pakamwa. Panalibe munthu pafupi, mpata unali womwewo. Misozi inayamba kumuyabwa m'maso.

"Bulangete ili ndi la ndani?"

Anali Sajeni Geng, atayima kumbuyo kwawo, manja kumsana.

"Ndine ndayanika, bambo," anatero amayiwo. "Linali lonyowa."

"Palibe kanthu, mayi. Mtima wa kholo timaudziwa." Geng anamwetulira, ndipo Weilun ankakudziwa kumwetulira kumeneko: madzulo kunali matumba a mchenga kwa onse asanu ndi atatu.

Amayiwo sanamusamale sajeniyo. Anayang'ana mwana wawo m'maso.

"Lunlun, ndiuze zoona. Uli bwino kuno?"

Geng naye anamuyang'ana. Sanamuopseze, sanatsinzine diso, anangomuyang'ana basi. Koma funso limeneli anyamatawo ankafunsidwa m'mawa uliwonse pamzere, ndipo yankho lake linali limodzi. Zidendene za Weilun zinagundana zokha, chifuwa chinatuluka, mawu anaphulika iye asanawatume.

"Ndili bwino kwambiri! Palibe vuto!"

Amayiwo anadzidzimuka, kenako anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Tamumvani! Mwana amene ankayankha ngati udzudzu!"

"Akukula," anatero Geng, n'kupitirira.

Weilun anadzida koopsa. Anati anena pakudya, koma pakudya panali Dahai ndi anzake akulimbirana jiaozi, amayiwo akuwawonjezera. Anati anena powaperekeza, koma anaperekeza ali pamzere, makolo mbali iyi, ana mbali iyo. Ndiponso ukangokuwa pamaso pa anthu kuti uli bwino, umayambira pati kunena kuti unanama?

Makolo anatuluka, mlonda n'kukoka chitseko chachitsulo. Amayi a Weilun anabwerera pang'ono, n'kugwira zitsulozo.

"Usalichotse msanga, liume bwinobwino, wamva?"

"Ndamva, amayi."

Anapisa m'thumba la jasi, natulutsa matikiti a basi, akudziseka okha.

"Taona uchitsiru wa amako. Ndinagula awiri obwerera. Ndinawauza abambo ako kuti mwana akangoti sakufuna, ndibwera naye lero lomwe, anene zonena zawo. Bedi lako ndinayala kale." Anapukusa mutu mokondwa. "Koma wandichititsa manyazi, mwana wanga. Inayi ndikabweza pa siteshoni."

"Amayi..."

Wezulo inalira pabwalo. Ochedwa pamzere ankalangitsa chipinda chonse.

"Thamanga, akukuitana!" anatero amayiwo, akumukankha paphewa kudzera m'zitsulo.

Weilun anathamanga.