Maginito a Ng'ombe M'chipewa cha Amuna Anga

Amuna anga, a Arlen, anasiya kudzuka kukakama ng'ombe mwezi wa Febuluwale. Zaka makumi atatu ndi zinayi takhala pa famu yathu kuno ku Wisconsin, sindinawaonepo akujomba. Koma phokoso la thirakitala ndi macheka a injini la zaka zonsezi linawasiyira kulira kosatha m'makutu, ngati munalowa nyenje. Pang'ono ndi pang'ono mtima nawo unagwa. Chakudya osachifuna, anthu osawafuna, ntchito kungoyang'ana khoma. Dokotala anati ndi matenda okhumudwa. Anawapatsa mapiritsi a mtundu wina, kenako ena, koma kusintha kunali kochepa.

Tsiku lina anandiuza osandiyang'ana n'komwe: "Doreen, mwezi wa Meyi ng'ombe zipite ku okushoni, zikagulitsidwe. Ine ndalephera."

Ng'ombe makumi anayi, iliyonse ndi dzina lake. Ndinadziwa kuti zikapita, amuna anga atsala chigoba. Ndinalira, sindibisa.

Patatha sabata ndinawapeza atadzuka, akusokosa m'kanyumba kosungiramo zida, nkhope ili ngwee.

"Ndamva pa wailesi," anatero. "Akuti madokotala akuchiza matenda angawa ndi maginito. Maginito, Doreen. Ife tili nawo katoni yathunthu."

Sankanama. Alimi a mkaka timamezetsa ng'ombe iliyonse kamaginito kotalika ngati chala, kuti misomali ndi tiwaya tomwe yadyera limodzi ndi udzu tikakamire pamenepo, tisaboole chifu.

"Ndiye mukufuna mumeze angati?" ndinafunsa.

"Inu amayi, ine ndine ng'ombe? Mundisokere m'chipewa."

Alimi a kuno timadziwana. Chilichonse chikawonongeka timakonza tokha, kuitana mmisiri ndi manyazi. Ndipo ine, poona munthu akuseka koyamba chichokereni Khirisimasi, ndinatenga singano ndi ulusi. Ndinasokeramo maginito asanu ndi limodzi.

Loweruka kunabwera a Marlys, oyandikana nawo, omwe ndi namwino pachipatala cha m'tauni. Tikumwa khofi, a Arlen, chipewa chija chili kumutu, anawerama kuti atole buledi yemwe anagwa. Poweramuka, kasupuni ka shuga kanali katamatirira pachipewa, kakulendewera pakhutu.

A Marlys anaseka mpaka kutsamwa. "Achimwene, mwayamba kuba masupuni a m'nyumba mwanu momwe?"

"Sekani, koma ndikudzichiza," anayankha a Arlen monyadira. "Ngakhale mapiritsi aja ndasiya."

Kuseka kunathera pomwepo. Ine zimenezo sindinkazidziwa.

"Mwasiya liti?" anafunsa a Marlys.

"Dzana."

"Lero lomwe tiimbira dokotala wanu. Mankhwala amenewa sasiyidwa mwadzidzidzi, mutha kudwala kuposa kale." Anachotsa kasupuni kaja n'kukaika patebulo. "Zomwe munamva pa wailesi n'zoona, ndipo makinawo alipo kuchipatala kwathu. Koma si maginito ongokhala duu ngati awa. Aja amayaka n'kuzima mofulumira kwambiri, n'kumadzutsa mbali ya ubongo yomwe yafooka. Malo ake amachita kuyeza dokotala. Awa mutavala chaka chathunthu, mungotola misomali."

A Arlen anavula chipewa n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye munthu ngati ine angandilandire?"

"Anapangira anthu ngati inu, amene mapiritsi sanawathandize mokwanira. Pitani mukafunse."

Tinapita. Dokotala wa makinawo, mayi Lindgren, anali ndi mafunso ambiri. Munagwapo khunyu? Muli ndi chitsulo chilichonse m'mutu? A Arlen anazengereza, ine n'kuwaponda phazi. Ndiye anaulula kuti kalekale kachitsulo kanawathethekera m'diso akunola khasu la pulawo. Anawajambula, napeza kuti m'disomo munalibe kanthu.

"Mwachita bwino kunena," anatero dokotala. "Chitsulo ndi makina awa sizigwirizana. Tsopano ndikuuzeni zoona. Pa matenda okhumudwa, chithandizochi chimathandiza anthu ambiri, ngakhale si onse. Pa kulira kwa m'makutu tikufufuzabe. Ena kumachepa, ena ayi. Sindikulonjezani."

"Bola mwanena poyera," anatero a Arlen. "Tiyambe liti?"

Tsiku loyamba ndinalowa nawo. Anawakhazika pampando wofewa, nawatseka m'makutu, n'kuwagunditsa kachipangizo pamutu. Palibe jakisoni, palibe kugonetsa. Makina atati tha, chala chachikulu cha a Arlen chinadumpha chokha.

"Doreen, mwaona? Si ine ndachita zimenezi."

Dokotala anafotokoza kuti umu ndi momwe amadziwira mphamvu yoyenera munthu aliyense. Kenako makina anayamba kugogoda, tha-tha-tha, kupuma, tha-tha-tha. Potuluka a Arlen anati zinali ngati gogomole wapeza mtengo wouma, ndipo mutu unawawawa pang'ono mpaka masana.

Masiku asanu pa sabata, masabata asanu ndi imodzi, ulendo wa ola lathunthu pa galimoto. Ine ndi amuna awo a Marlys tinkakama m'mawa, kenako liwiro la kutauni. Sabata yoyamba, zii. Yachiwiri, zii. Yachitatu a Arlen anakana kukwera galimoto.

"Tikungotha mafuta," anatero.

Ndinaitana a Marlys, nabwera atavala nsapato za m'nyumba.

"Achimwene, chimanga mumabzala Lolemba n'kukolola Lachisanu? Kwerani galimoto, musandichititse manyazi pamaso pa anzanga kuntchito."

Anakwera akung'ung'udza njira yonse.

Sabata yachisanu ndinadzuka m'mawa, pabedi palibe munthu. Ndinathamangira kukhola. Ndinawapeza atatsamira ng'ombe yathu yokalamba, Bernice, akuikalipira kuti yaonda chifukwa mkazi wawo sadziwa kudyetsa. Ndinaima pakhomo, misozi ili chuchuchu, ndikuseka ngati wopenga. Sindinakondwerepo ndi chipongwe ngati tsiku limenelo.

Makutu sanasiye kulira. Nyenje ija ikadalimo, koma akuti yasamukira kutali, makamaka chilandirireni kachipangizo kothandiza kumva. Mapiritsi akumwabe monga adokotala ananenera, ndipo thirakitala sakwera osatseka m'makutu.

Meyi atafika, bambo wa ku okushoni anaimba foni kufunsa tsiku lotumiza lole. A Arlen anandilanda foni.

"Lole yanuyo isavutike. Kuno kulibe ng'ombe yogulitsa, ngakhale imodzi."

Anzanga, makutu akamalira osaleka, kapena mtima ukagwa kwa masabata, si ulesi ndipo si zochititsa manyazi. Ndi matenda, ndipo chithandizo chilipo. Mukamva za njira yatsopano, kafunseni kuchipatala, musadziyesere nokha. Musasiye mankhwala dokotala asanakuuzeni. Muuzeni zonse, ngakhale kachitsulo ka zaka makumi awiri zapitazo, ndipo mukayamba chithandizo, chimalizeni.

Maginito aja ndinawasula m'chipewa, n'kuwatsuka bwinobwino. A Arlen anawamezetsa okha ng'ombe zazing'ono zisanu ndi imodzi, akuitchula iliyonse dzina lake.