Gemu ya Malemu

A Peterson, malume awo a malemu amuna anga, anagawa katundu wa m'nyumba mwanga ngati akugawa nyama paukwati. Iwo anakhala pampando wofewa, ine pansi pamkeka, duku lakuda kumutu, chifukwa mayi wamasiye asanasudzulidwe sayankhula pagulu. Amamuyankhulira ankhoswe. Ankhoswe anga anali achimwene anga a Mathew a ku Mphuka, munthu wabwino koma woopa tayi. Aliyense wovala tayi kwa iwo ndi bwana, ndipo a Peterson anali atavala yofiira.

Amuna anga a Douglas anali a zamagetsi ku fakitale ya tiyi pa esiteti yathu. Nyumba inali ya kampani, ndipo chisoni cha kampani sichichedwa kuuma. Akampaniwo anali atatiuza kale tsiku lotuluka. Tsono abale a malemuwo anabwera kuchokera kwawo kutali kudzatenga zomwe ankati zikumbutso. Firiji chikumbutso, matiresi chikumbutso, ngakhale ketulo yodontha. Nthawi imene mbale wawoyo ankawonda mpaka ndinkachita kumubereka popita kubafa, sindinaone ndi mmodzi yemwe akubwera kudzamukumbukira. Ndinakwiya mpaka makutu anga ankatentha, komabe ndinali nditalumbira kuti sinditsegula pakamwa.

Lamulo la a Peterson linali lakuti aliyense amene wabwera pamaliro asabwerere chimanjamanja. Tivi inapita kwa alamu anga a Winston, ang'ono awo a malemu. Sofa inapita kwa achemwali awo a Jean. Ine anandisiyira makina osokera, akuti kuti mayi asavutike, ngati makinawo sindinagule ndekha ndisanakwatiwe n'komwe. Ndinangoyang'ana pansi. Kenako mnyamata wina wa kwawoko anatulutsa kabokosi kotuwa kunsi kwa tivi, n'kukaika patebulo pamodzi ndi mawaya ake. Inali gemu ya malemu ndi mwana wathu Tikhala.

Gemuyi ndiyenera kuifotokoza, ngakhale ine ndinkaida. A Douglas anapatsidwa ndi bwana wina amene ankasamuka pa esiteti, ili ndi kaseti imodzi. Makaseti ena awiri anachita kutuma dalaivala wa lole ya tiyi kuti akawasakire m'tauni. Onse anali a chule mmodzi yemweyo. Mu kaseti yoyamba chuleyo ankalumpha yekha maenje ndi matabwa oyandama m'malere. Mu yachiwiri anamuveka jombo zoti aziponda nazo minga. Mu yachitatu anakhala ndi kamwana konyamula tsamba ngati ambulera, ndipo pamenepo m'nyumba mwanga munatha mtendere, chifukwa gemu inasanduka ya anthu awiri. Chule wamkulu amaponya kamwanako pamwamba, kamwanako n'kumutsitsira chingwe. Bambo padi yake ya mabatani yoseweretsera, mwana padi yake.

Zolemba za pagemupo zinali za chilankhulo chimene palibe ankachidziwa, choncho awiriwo anapereka okha mayina. Nkhono zoyenda uku ndi uku pamzere umodzi ankati akapitawo. Mavu ankati alonda. Kadzidzi wonenepa wa kumapeto, amene ankangomuona pachithunzi cha kaseti, ankati Manejala. Munthu wamkulu, wandevu zake, akaweruka kufakitale ankakhala pansi miyendo tambalale n'kumakuwa kuti Tikhala, dumpha kapitawoyo. Ndinkawanena kuti tsiku lina akapitawo enieni adzamva. Kaseti yachitatuyo inkasunga pamene munthu walekezera, ndipo awiriwo analekezera pakhomo pa Manejala penipeni, sabata imene manja a Douglas anayamba kulephera kugwira ngakhale sipuni. Chiyambire pamenepo Tikhala sanayatsenso. Ankangopukuta fumbi.

A Peterson anayang'ana gemuyo, n'kutsatira mawaya ndi chala, n'kugamula kuti apa pali katundu wokwanira anthu angapo. Kabokosi anapereka kwa a Jean. Padi imodzi kwa msuweni wina, inzake kwa msuweni winanso amene ankadandaula kuti wangopata nsapato. Makaseti anati atenga okha, akamvere pa wailesi yawo kumudzi. Palibe anaseka. A Winston, amene ankadziwa bwino lomwe kuti gemu n'chiyani, anangoyang'ana kudenga.

Tikhala anali ataima pakhomo la kuchipinda. Mwana ameneyu sanalire kuchipatala, sanalire kumanda, moti azimayi a mvano ankanong'onezana. Ndinaona maso ake ali pa gemupo. Ndinakodola a Mathew n'kuwanong'oneza kuti anene kuti chinthucho n'chimodzi, n'cha mwana, sichigawika. A Mathew anatsokomola, anapepesa, anathokoza akuluakulu chifukwa cha ulendo wautali, anapepesanso, ndipo pofika pa nkhani ya gemu mawu anali atawathera.

Ndinaimirira.

"Chimenecho n'cha mwana. Mukachigawa palibe amene atenge kanthu. Mwangomulanda basi."

A Peterson sanandiyang'ane ine. Anayang'ana a Mathew n'kufunsa kuti kodi kwathu kuno amayi amasiye anayamba liti kuweruza nkhani.

"Ayamba lero," ndinatero. "Ndipo makasetiwo sayimba nyimbo, amalume. Mukawaika mu wailesi mukaphwanya wailesiyo."

Pamenepo ndiye ndinaponda mchira. A Peterson anafufuma. Anati iwo sakonda mikangano pamaliro, koma chilungamo n'chilungamo: ngati mayi akufuna magawo a anthu anayi, abweze gawo lake kuti anthuwo aone chogawana. Ndisanayankhe n'komwe, maso a Jean anali atafika kale pa makina osokera. A Mathew anandikoka chitenje, n'kundinong'oneza m'Chilomwe kuti ndiganize bwino, makinawo ndiwo munda wanga. Ndinkadziwa zimenezo kuposa iwo. Mayunifolomu a ana a pa esiteti yonseyi ankasokedwa pamakina amenewo. Ndinauza a Jean kuti atenge, ndipo akathyola singano asadzandifunse kogula.

Ndinapambana choncho, kupambana kwa chitsiru. Pamene ndinkasonkhanitsa mawaya aja ndi pamene ndinakumbukira kuti tivi ndi ya a Winston tsopano, ndipo galimoto imene anaitanitsa ku Luchenza ifika masana omwewo. Ku Mphuka kumene tinkapita kulibe magetsi. Gemu yonse inali m'manja mwathu, koma nthawi yoisewera inali yokhayo, galimoto isanafike.

Tikhala anazindikira zimenezi ine ndisananene. Analumikiza mawaya mwachangu, n'kulowetsa kaseti, ndipo kanyimbo kaja kamene kankandiwawitsa mutu kanalira m'nyumba ya maliro, abale onse akumva. Anandipatsa padi ya bambo ake. Mabatani ake anali atasalala ndi zala zawo. Anandiuza kuti ili ndi loyendera, ili ndi lolumphira, ndikafika pafupi ndi kamwana ndidine onse awiri kuti ndikaponye.

Ine ndinathyolapo tiyi ndili mtsikana, ndimalowetsa ulusi pasingano osayang'ana, koma chule ameneyu anandichititsa manyazi. Ndikati lumpha, iye akuyenda. Ndikati ima, iye ali kale m'dzenje. Kapitawo woyamba yemweyo anandipha. Tikhala ankandikalipira ngati ndine mwana wake, kuti amayi musathamange, amayi dikirani thabwa libwere, amayi mwatani kodi. Azisuweni aja anayamba kuseka kumbuyo kwanga. Ndinawatembenukira kamodzi ndipo anasiya. Kamodzi kokha ndinakwanitsa kuponya kamwanako pamwamba, pakhonde la Manejala, koma pamene Tikhala ankanditsitsira chingwe, mlonda anandiluma ndipo ndinagweratu. Chule wamkulu sanabwererenso. Miyoyo imene gemu inamupatsa inali itatha.

Kamwanako kanatsala kokha pamwamba paja, tsamba lili m'manja. Tikhala anasiya kudina. Anati gemuyi ndi ya anthu awiri, iye sanayendepo yekha. Kunja galimoto inaliza hutala, ndipo a Winston analowa akupukuta thukuta, akuti dalaivala sadikira, tivi ikwere poyamba kuti aitchinge ndi matiresi. Anawerama kuti azule waya pakhoma. Ndinawagwira dzanja. Sindikudziwa mphamvu zake ndinazitenga kuti, koma ndinamva mafupa awo.

"Alamu, mukakhudza waya ameneyu, muyambe mwakumba manda ena pafupi ndi a akulu anu."

Anayesa kuseka, sizinatheke. A Peterson anayamba kunena za mwambo kuchokera pampando paja. Ine sindinawamve. Ndinauza Tikhala kuti pita, usayang'ane kuno.

Anapita. Kadzidzi uja anadzaza tivi yonse, maso ngati mbale. Ankagwetsa nthenga zakuthwa, kamwanako kakuzemba, kakutsegula tsamba lake n'kuyandama, n'kumutera pamutu. Kanagwa, kanadzukanso. Tikhala anali atagwada, lilime lili panja ngati mmene ankachitira bambo ake. Hutala inalirabe. A Jean, makina anga ali m'manja, anaima pakhomo kuonerera. Ndipo mwadzidzidzi kadzidziyo anazungulira, nthenga zonse mbwee, n'kugwera pansi. Msuweni mmodzi anaomba m'manja, kenako anachita manyazi.

Ndinasiya dzanja la a Winston. Ndinkaganiza kuti zatha, koma gemu inali isanamalize kuyankhula. Kanyimbo kanasintha n'kukhala kokoma. Dzuwa linatuluka pa tivi. Ndiyeno kuchokera kumbali kunatulukira chule wamkulu uja, wamoyo, jombo zake zili phuliphuli, wopanda ndi bala lomwe. Ananyamula kamwanako n'kukaika paphewa, ndipo awiriwo anayamba kuyenda kupita kwawo, akudutsa malo onse amene anadutsamo, nkhono ndi mavu akuwabayibitsa.

Ndinafuna kutukwana anthu amene anapanga chinthu chimenechi, kulikonse kumene ali, anthu oti mwina sanaikepo maliro chibadwire. Tikhala anayang'anitsitsa mpaka achule aja anafika pakhomo la kanyumba kawo. Anaika padi pansi bwinobwino.

"Bodza," anatero.

Anaimirira, n'kupita kukhoma, n'kuzula yekha waya uja. Anaukulunga padzanja mmene ankachitira bambo ake ndi mawaya a kufakitale, n'kuupereka kwa a Winston. Kenako anabwera n'kukwirira nkhope yake m'chitenje changa, ndipo analira mokweza, moti dalaivala kunja anasiya kuliza hutala.