Kapu ya Tiyi Itamera Masamba

"Ikani pa tebulopo, alamu, tione ngati igwe," anatero Anaulusi akupereka kapu ya tiyi imene anali atangomaliza kuluka.

Mlamu wawo anaiika. Kapuyo inaima chilili, ili ndi timaso tiwiri takuda ndi kakamwa komwetulira, pamwamba pake ulusi wofiirira wooneka ngati tiyi wothira mkaka. Anaikankha ndi chala. Inapendekeka pang'ono n'kubwerera m'malo mwake.

"Mwaona? Za anzangawa zimagona ngati zaledzera. Zanga zimaima."

Dzina loti Anaulusi anawapatsa ndi anthu a mumsewu mwawo, chifukwa mayiwa sankaoneka opanda ulusi m'manja. Pakhonde akuluka, m'basi akuluka, pamzere wa kuchipatala akuluka. Ankaluka zidole zooneka ngati zakudya ndi zakumwa: nthochi zoseka, mazira otsinzina, buledi wa masaya ofiira, timabotolo ta mkaka. Kunena zoona, luso anali nalo. Vuto linali loti iwonso ankadziwa kuti ali nalo.

Chinsinsi cha makapu ndi mabotolo awo chinali nyemba. Asanapakire thonje, ankathira kaye nyemba zouma zodzaza dzanja pansi pa chidolecho kuti chilemere kumunsi. Sabata imeneyo ankamalizitsa zidole za sukulu ya mkaka ya kuseri kwa msika, ntchito yaikulu kuposa zonse zimene anapatsidwapo.

Mlamuyo anali mchemwali wa amuna awo. Anabwera kudzakhala nawo ntchito yake yolera ana itatha, ndipo gawo lake linali limodzi basi, kupakira thonje. Singano zolukira sankaloledwa kukhudza.

"Komatu alamu," anatero mlamuyo akuyang'ana mbale ya nyemba ija, "kusukulu ya mkaka zidole amachapa. Nyembazi zikalowa madzi?"

"Achape chidole changa? Chasanduka thewera?"

"Ana amaika chilichonse m'kamwa, nanji chooneka ngati chakudya. Ine ndalera ana zaka zisanu ndi zitatu, Lachisanu lililonse zidole zinkalowa m'beseni."

"Inu pakirani thonje, zoganiza ndisiyireni ine."

Mlamuyo anapitiriza kupakira.

Patatha milungu iwiri zidole zitaperekedwa, ahedi a sukuluyo anaimba foni kuti Anaulusi afike. Mayiwa anavala diresi la mauta, napaka mafuta onunkhira. Panjira ankawerengera mumtima zimene akalukenso, mwina chinanazi, mwina mapeyala.

Ahedi sanawalowetse mu ofesi. Anawatsogolera m'kalasi ya ana aang'ono, nawalozera pawindo.

Makapu asanu ndi imodzi ndi mabotolo anayi anali atandandalikidwa padzuwa, onse akumwetulira monga mwa masiku onse. Koma kumunsi kwawo, m'timipata ta ulusi, kunali kutatuluka timasamba tobiriwira. Kapu ina inali ndi mizu yoyera ngati ndevu. Botolo lina linali litatupa, likununkha chuku.

"Ana akondwa kwambiri," anatero ahedi osaseka. "Akuti tiyi wamera. Tinachapa Lachisanu lijali, thonje silinaume m'kati, ndiye zotsatira zake ndi zimenezi."

Anaulusi anaweramira makapuwo n'kuwayang'anitsitsa.

"Zomerazi tikanangoseka, mayi. Koma dzulo kamtsikana kena kanakoka tsamba, nyemba yotupa n'kutuluka. Aphunzitsi anakagwira dzanja nyembayo ili pamphuno, katsala pang'ono kuilowetsa."

Manyazi Anaulusi anali nawo, koma chimene chinawabaya mtima chinali kamwanako. Anaona m'maganizo mayi wake akuthamangira kuchipatala chifukwa cha chidole chotuluka m'manja mwawo, ndipo anachita mantha enieni.

"Lolemba makolo akubwera kudzaona makalasi," anapitiriza ahedi. "Mukandibweretsera kapu yoima, yochapika, yopanda kanthu koti katuluke m'kati, tipitiriza kugwira ntchito limodzi. Apo ayi, mudzatenge nthochi ndi mazira omwe. Ahedi anzanga awiri akhala akundipempha nambala yanu, ndipo sindingawabisire zimenezi."

Anaulusi anawongola khosi. "Lolemba mudzaiona kapuyo, ahedi."

Ananyamula makapu omerawo m'jumbo. Atafika kunyumba anangoiponya jumboyo kuseri kwa khitchini. Mlamu wawo anaisuzumira n'kuona makapu omerawo.

Loweruka lonse Anaulusi analimbana ndi kapu. Anaika thonje lokhalokha, kapu inagwa chagada ikuseka. Anadula katoni n'kuika pansi, inaima bwinobwino, koma ataiviika m'madzi katoniyo anasanduka phala. Anaganiza za timiyala, n'kukumbukira mphuno ya kamwana kaja. Anayesa kuilukira kumunsi kotambalala, inaoneka ngati chipewa.

Amuna awo, pobwera kuchokera kokonza njinga, anaima pakhomo n'kuyang'ana makapu ogona mbwee pa tebulo.

"Kodi kunali phwando? Alendo onse aledzera?"

"Bambo, pitani mukasambe," anayankha Anaulusi osatukula mutu.

Lamulungu masana, ali pakhonde kumasula kapu yachisanu, mlamu wawo anabwera n'kuika kanthu pa mpando. Anangobwerera m'mbuyo pang'ono, manja kumsana.

Inali kapu, koma kapu yake! Inalukidwa ndi tizidutswa ta ulusi totsala, apa chikasu, apa buluu, apa pinki. Chogwirira chinali chokhota. Koma pansi pake panali sosala yaikulu yolukidwa ndi ulusi wophatikiza pawiri, yothina ngati mphasa, ndipo kapuyo inasokereredwa pakati pa sosalayo.

Anaulusi anaikankha ndi chala. Sinagwe. Anaimenya ndi khofi. Inatsetsereka mpaka kumapeto kwa mpando, ili chiimire. Anaifinya paliponse kufuna kumva cholimba m'kati, koma munali thonje lokha.

"Singano munazitenga kuti?"

"Masipoko awiri a njinga, achimwene anandisongolera."

"Mwayamba liti kuluka?"

"Kale, alamu. Kumene ndinkalera ana kuja, mayi a nyumbayo ankaluka majuzi. Mwana akagona ndinkakhala nawo pafupi."

"Bwanji simunanene?"

"Munati zoganiza ndikusiyireni."

Anaulusi anadzuka, natunga madzi m'beseni, naiviika kapuyo. Anaipaka sopo, kuifikisa ngati sokosi, kuifinya, n'kuiika pa simenti. Inaima ikudontha madzi.

"Maso mwalakwitsa," anatero. "Lina likuyang'ana kumwamba, lina likusaka ndalama yogwa."

"Koma yaima."

"Kakamwanso kakhota ngati yalawa ndimu."

"Koma yaima, alamu."

Anaulusi anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaseka, kuseka kwenikweni mpaka misozi, koyamba chichokereni kusukulu kuja.

"Yaima. Kokani mpando. Ine ndiluka makapu, inu masosala. Ndipo tayani masipokowo musanadzibaye, tengani izi."

Anawapatsa singano zawo zasiliva, zimene ngakhale amuna awo sankayerekeza kuzisuntha pa tebulo. Dzuwa lisanalowe anali atamaliza makapu awiri ndi botolo limodzi la mkaka, lokhala pa kathireyi kake.

Lolemba m'mawa anapita onse awiri. Ahedi sanataye nthawi ndi moni wautali. Anaviika kapu imodzi m'ndowa, kuifinya, kuikoka uku ndi uku, kulowetsa chikhadabo pakati pa ulusi. Kenako anaipereka kwa kamnyamata kodziwika ndi kuswa zinthu m'kalasimo. Kanailuma, kuiponya kukhoma, kuikhalira. Katatopa, aphunzitsi anaitola n'kuiika pa tebulo. Inaima, ikumwetulirabe.

Ahedi anagwedeza mutu. "Anaulusi, mutu wanu umagwira ntchito. Sosalayi ndi nzeru zapamwamba. Nambala ija ndiwapatsa lero lomwe."

Mlamu uja anali ataima pakhomo, akuyang'ana pansi, jumbo ili m'manja. Sakanatsutsa chilichonse, ndipo Anaulusi ankadziwa zimenezo. Chitamando chinali chitafika kale pakhomo pawo, chongofunika kuchilandira.

"Ayi, ahedi," anatero mokweza, moti ngakhale makolo amene ankalowa anamva. "Zanga ndi kapu ndi nkhopeyo. Nyemba zija zinalinso nzeru zanga, ndipo anandichenjeza ine osamva. Chimene chikuimitsa kapuyi ndi cha alamu angawa. Alamu, bwerani kuno akuoneni. Anzanuwo muwauze kuti oluka tilipo awiri."

Mlamuyo anayandikira akuphimba pakamwa ndi dzanja, misozi ili lengelenge m'maso.

Atabwerera kunyumba, Anaulusi anapita kuseri kwa khitchini kuti akataye makapu omera aja. Jumbo anaipeza yopanda kanthu. Pakona pa khonde panali chitini chakale cha penti chodzaza dothi, ndipo m'menemo munali nyemba zija, zitawongoka bwino, masamba ali biriwiri.

"Izi ndiye chiyaninso, alamu?"

"Zinamera kale, ndinaona kuti kutaya n'kulakwa."

Anaulusi anafuna kulamula kuti zizulidwe, koma anameza mawuwo. Anakatunga madzi m'kapu, kapu yeniyeni, n'kuthirira. Nyembazo zinakula n'kuyanga pa chipilala cha khonde, pomwepo pamene awiriwo ankakhala poluka. Ndipo kuyambira pamenepo, Anaulusi akangoyamba kuti, "Inu alamu, zoganiza ndisi..." mlamuyo ankangotembenuka pang'ono n'kuyang'ana chitini chija, ndipo Anaulusi ankatsokomola n'kunena kuti, "Chabwino, nenani timve."