Mwana wa Diresi Lachikasu

Mayi telala anaimitsa makina osokera cha m'ma 2 koloko masana, n'kusuzumira pansi pa tebulo pomwe mwana wawo ankakonda kusanja mabatani. Mabatani analipo, mwana panalibe.

Anali mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi, wobadwa wosamva. Kunyumba ankamutcha Kadona. Kukuwa dzina lake kukanakhala kungotaya mawu.

Mayiwo anayang'ana kuseri kwa katani yoyezera zovala, kuchimbudzi, ndi m'kanjira ka pakati pa mashopu. Kenako anaimbira amuna awo kugalaja.

"Abambo ake, siyani sipanala. Kadona sakuoneka. Tikumane kupolisi."

Alamu awo, ogulitsa nsapato m'shopu yoyandikana nayo, anamva. "Musathamange magazi, mlamu," anatero. "Abwera yekha njala ikamupweteka. Ndiponso kupolisi amati padutse kaye tsiku."

"Tsikulo adikire ena. Inu khalani pakhomo pano, foni m'manja. Mwina abwerera."

Anatulutsa nsalu yotsala pa diresi lomwe mwanayo anavala, yachikasu yamadontho akuda, n'kuidula tizidutswa. Pa kalikonse analembapo nambala yawo ndi bolopeni.

Wapolisi wamkazi amene anawalandira sanawachedwetse. "Mwachita bwino kubwera msanga, mayi. Zodikira tsikuzo n'zam'maluwa." Anapempha chithunzi chaposachedwa, anafunsa msinkhu, nsapato, chipsera cha pachibwano, nthawi yomwe anamuona komaliza. Chithunzicho anachitumiza kwa anzake a pamsewu, kadutswa kamodzi ka nsalu ija n'kukaphatika pa fomu.

Panja, mayiwo anagawana msewu ndi amuna awo. "Inu kumtunda mpaka pokwerera basi, ine kumunsi. Musafunse kuti mwaona mwana. Ana ndi ambiri. Aonetseni nsaluyi, ndipo muwauze kuti samva."

Tizidutswa tija anapatsa mlonda wa pabanki, wometa, wosoka nsapato, ndi mayi wina wosesa mumsewu. Wometayo anasiya munthu mutu uli theka n'kuyamba kuimbira anzake. "Dikirani bwana," anauza kasitomala, "tsitsi silithawa."

Cha m'ma 4 koloko bambo aja anaimba akupuma wefuwefu. Wina anawauza kuti waona kamtsikana kachikasu kakukwera basi. Anathamangira basiyo mpaka pamphambano, koma anali mwana wa eni, ali pamiyendo pa amayi ake.

"Amake mwana, ndatha nzeru ine," anatero.

"Simunathe. Tidzalira tikamupeza. Bwererani, muyambire mbali inayo."

Mayiwo anamwa madzi pampopi wa pamalo omwetsera mafuta, n'kupitiriza khomo ndi khomo.

Dzuwa lisanalowe, foni inalira. Anali mayi wosesa uja.

"Nsalu yanu ndaipeza, achemwali, ili ndi mwini wake. Kutsidya kwa msewu waukulu, pashopu yochapa zovala. Sindinamugwire, ndaopa angathawe. Ndangoima pafupi ndi tsache langa."

Kadona anali atakhala pasitepe, mphuno pagalasi, akuonerera zovala zikuzungulira m'makina. Nsapato imodzi analibe. Mmene anawolokera msewu wa magalimoto onse aja, palibe anadziwa.

Mayi ake anagwada n'kumugwira paphewa pang'onopang'ono. Mwanayo anacheuka, n'kumwetulira, n'kuloza makinawo ndi chala kuti nawonso aone. Anamukumbatira mpaka mwanayo anayamba kudzipotokola.

Bambo ake atafika anangokhala pansi pomwepo, ovololo ili mafuta okhaokha, n'kubisa nkhope m'chipewa. Mayiwo anaimbira wapolisi uja kuti asiye kufufuza, kenako alamu awo, omwe anali akadali chiimire pakhomo.

M'mawa mwake sanalandire ntchito ya munthu aliyense. Anasonkhanitsa zovala zonse za Kadona, n'kusokerera nambala ya foni m'kati mwa kolala iliyonse. Amuna awo anabwera ndi loko wa pachitseko, n'kumukhoma m'mwamba, pomwe kadzanja sikangafike.